Yambandiwe, Galu wa Mkamwini

Kalekale, zigayo zisanabwere, amayi akadadzuka ndi mitondo, kunali mnyamata wina dzina lake Kamphinda. Paja umafunsa chifukwa chake agalu ambiri kuno amatchedwa Yambandiwe? Khala pansi. Woyamba kutcha galu dzina limeneli ndi Kamphinda ameneyu.

Kamphinda anali munthu wa khasu. Polima panalibe womuposa. Mowa sankaukonda, ndewu ayi. Chilema chake chinali chimodzi, mtima wokayika. Ukamupatsa moni wansangala, ankadzifunsa kuti ukufuna chiyani kwa iye. Ukamudutsa osamulonjera, ankati wamukonzera chiwembu. Kumumwetulira, walakwa. Kusamumwetulira, walakwanso. Anthu otere alipo mpaka lero, ndipo amatopetsa.

Anakafunsira mbeta kutsidya kwa dambo, mtsikana wotchedwa Nakwenda. Anamulola. Monga mwa mwambo, Kamphinda anasiya kwawo n'kukakhala kwa mkazi, chikamwini. Anamanga kanyumba kake kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, a Nachisale, mayi wamasiye woweta nkhuku zambiri.

Masiku amenewo banja latsopano silinkayamba ndi moto wakewake. Linkadya za pamoto pa apongozi mpaka litakolola koyamba. Mkamwini akaonetsa kuti ndi munthu, apongozi ankapatsa mwana wawo mafuwa, mthiko ndi miphika, banja n'kuima palokha. Akaonetsa kuti ndi wachabechabe, ankamutolera khasu lake n'kumulozera njira ya kwawo. Choncho Kamphinda ankayembekeza nthawi yokolola. Nakwenda ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo mvula yoyamba isanagwe, mkaziyo anaima. Kamphinda anakondwa kwabasi. Ankafuna kudzamunyamula mwana ameneyo ndi manja ake.

Tsono mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire, n'kugwada, n'kuomba m'manja cha patali. Zodyera pamodzi ndiye usanene. Chakudya ankaphika a Nachisale, Nakwenda n'kuchinyamula chovundikira kukapereka kwa mwamuna wake.

Zimenezi zinkamusowetsa mtendere Kamphinda. Kwawo, wokupatsa chikho ankayamba wamwako, wokupatsa mbale ankayamba watsinako. Kuno mbale inkangofika, wophika osaoneka.

Tsiku lina Kamphinda akupalira, mkulu wina wodutsa anaima n'kuyamikira mizere yake. Pocheza, mkuluyo anati munda umenewo ankalima ndi mkamwini woyamba wa a Nachisale, mwamuna wa mkulu wake wa Nakwenda. Kamphinda anafunsa kuti ali kuti tsopano. Anamuuza kuti anamwalira. Anafunsanso kuti anafa ndi chiyani. Mkuluyo anati m'mimba, n'kupitiriza ulendo wake.

Kamphinda anasiya kupalira, khasu lili m'manja. M'mimba. Nanga ankamuphikira ndani?

Sanafunse kuti chaka chimenecho matenda a m'mimba anatenga anthu angati m'mudzimo. Anali ambiri, ana ndi akulu omwe. Koma iye anali atamva kale zimene ankafuna kumva.

A Nachisale, ndikuuze, ankamunyadira mkamwini wawo wolimbikirayo. Nkhuku zikaikira, mazira ena m'malo mogoneka ankamuphikira iye. Akapha nkhuku, nthutumba inkapita m'mbale mwake. Umenewo unali ulemu waukulu.

Masana a tsiku lomwelo Nakwenda anavundukula mbale. Munali mazira. Kamphinda anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anauza mkazi wake kuti alaweko.

Nakwenda anaseka. "Inu bambo, mwaiwala? Mayi wapakati sadya mazira. Mukufuna mwana adzabadwe ndi dazi?"

Mwambowo Kamphinda ankaudziwa bwino, kwawonso unali womwewo. Koma mtima unayamba kumunong'oneza. Nyemba zilipo. Nkhwani ulipo. Bwanji nanga apongozi akusankha zokhazo zimene mwana wawo sangakhudze? Lero mazira, mawa nthutumba ya amuna okhaokha. Akumuteteza ku chiyani mwana wawoyo?

Anakankha mbale, nati m'kamwa mukuwawa. Mawa lake anatinso m'kamwa mukuwawa. Kumunda ankakumba chinangwa n'kumachitafuna chachiwisi, maso ali uku ndi uku. Anayamba kuwonda, mphamvu zolimira n'kumachepa. Anaona kuti akapitiriza chonchi afa ndi njala asanafe ndi mankhwala.

Ndiye anapita kwa mlenje wina wa mudzi woyandikana, n'kusinthanitsa mipini iwiri ndi kagalu. Kanali kofiira, ka makutu ogwa.

Tsono uzidziwa, kwathu kuno galu sangopatsidwa dzina chisawawa. Chimene sungauze mlamu wako pamaso, umachiika pa galu, n'kumaitana pabwalo onse akumva. Ndi chifukwa chake umamva agalu otchedwa Mumandida, Mudzatopa, Zilikwainu. Wolasidwa amadzidziwa yekha. Koma sangakakusumire kulikonse, chifukwa iwe umangoti ndimaitana galu wanga.

Kamphinda anatcha kagalu kake Yambandiwe.

Nakwenda anafunsa kuti dzina limeneli likulasa ndani. Mwamuna wake anati silikulasa munthu, ndi dzina chabe.

Mbale inafika. Kamphinda anavundukula, anatsina, n'kuponya pansi.

"Yambandiwe, yamba ndiwe."

Kagalu kanameza, n'kunyambita kukamwa. "Ndayamba, mbuyanga. Mchere uli bwino."

Kamphinda sanadye nthawi yomweyo. Anakayang'ana kagalu m'maso. Anakayang'ana pakhosi. Anakayang'ana miyendo ngati ikunjenjemera. Anadikira, anadikira, mpaka chakudya chinazizira. Ataona kuti mchira ukadagwedezeka, m'pamene anadya.

Mawa lake chimodzimodzi.

"Yambandiwe, yamba ndiwe."

"Ndayamba, mbuyanga. Mchere uli bwino."

Mkuja chimodzimodzi. Galu anakula, ananenepa, ubweya n'kumawala. Munthu wina akanati basi, ndinkangodzivuta. Koma Kamphinda anati apongozi amuona galuyo, ndiye akudikira tsiku limene adzamuiwale. Galu akanagwa, ukanakhala umboni. Galu sanagwe, unalinso umboni woti apongozi ndi ochenjera.

Tsiku lina galuyo anamufunsa. "Mbuyanga, m'mbalemu ine ndimamva nsinjiro ndi mchere basi. Mumafuna ndimve chiyani?"

Kamphinda anamuuza kuti ntchito yake ndi kudya, osati kufunsa.

Nakwenda anali ataona zonse, ndipo zinamupweteka. Anapempha mwamuna wake kuti asinthe dzinalo amayi ake asanalimve. Anamukumbutsa kuti kukolola sikuli kutali, akapatsidwa mafuwa adzayamba kumuphikira yekha. Kamphinda anangoti pofika nthawi yokolola mwina iye adzakhala atatsatira mkamwini woyamba uja. Nakwenda anatuluka panja.

Koma nyumba ziwirizo zinali zoyandikana, ndipo Kamphinda sankaitana galu wake monong'ona. A Nachisale anamva. Anamvanso mawa lake. Anaona galu akunenepa ndi mazira a nkhuku zawo. Anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe n'kulira chamumtima.

Akanatani? Kupita kukamufunsa mkamwini sakanatha, mwambo unkawaletsa. Ndiye anayankha mwa njira yomweyo. Anapeza kagalu kawo, kakuda, n'kukatcha Ndalakwanji.

M'mawa uliwonse kunkamveka mbali iyi, "Yambandiwe." Mbali inayo n'kumveka, "Ndalakwanji." Mudzi wonse unkagwa ndi phwete. Koma kuphika a Nachisale sanaleke, ndipo mazira ankabwerabe.

Ukuganiza kuti Kamphinda anachita manyazi? Ayi ndithu. Anati munthu wosalakwa akanadziwa bwanji kuti dzinalo likunena iye? Ayankha msanga chonchi chifukwa chawalasa pamtima.

Dzinalo linayamba kuyenda. Akamwini anzake analimva pamowa, ndipo linawakomera. Aliyense anali ndi kake kodandaula, wina amamupatsa ndiwo zochepa, wina amamudzutsa m'mamawa. Agalu akaswa, kamodzi n'kukhala Yambandiwe. Ena analibe chifukwa chilichonse, linkangowakomera poitana. Pamene chimanga chinkamasula, dzinalo linali litafika midzi yonse ya m'mbali mwa dambo.

Ndipo aliyense wofunsa kuti dzinali lachokera kuti, ankamuyankha chimodzimodzi. Lachokera kwa mkamwini wa a Nachisale, amene amaopa mbale ya apongozi ake. Wina n'kuwonjezera kuti paja mkamwini woyamba anafa ndi m'mimba. Nkhani imene inayamba ndi kuseka inasiya kusekedwa.

Ana amene ankabwera kudzadya maungu pakhomo pa a Nachisale anayamba kuitanidwa ndi amayi awo. Kuchitsime, amayi ankasendeza mitsuko yawo a Nachisale akafika. Thobwa lawo, limene kale linkatha dzuwa lisanakwere, linkasasa mumphika.

Kenako m'mudzimo munagwa maliro. Amayi anasonkhana kuphikira anthu, monga zimakhalira. Kuyambira kale wothira mchere m'miphika ya pamaliro anali a Nachisale, chifukwa dzanja lawo silinkaphonya. Tsiku limenelo atangogwira mthiko, mayi wina anawalanda mwaulemu, nati apumule, akula, asiyire atsikana. A Nachisale anayang'ana anzawo. Onse anali atazyolika. Anakakhala okha pamthunzi, manja ali pamwendo, mpaka maliro anatha.

Kamphinda anaziona ali kumbali ya amuna. Mumtima anati, mwaona, ngakhale eni mudzi akuwadziwa. Sanaganize n'komwe kuti eni mudziwo anazimva kwa galu wake.

Apo m'pamene nkhani inafika kwa a Chisale, mlongo wawo wa a Nachisale. Iwowa anali atsibweni a Nakwenda, mwini mbumba, komanso nkhoswe ya banjalo. M'mawa mwake anaitanitsa onse pansi pa mkuyu. Anthu anabwera ambiri, osaitanidwa omwe. A Nachisale anakhala cha patali, atalozetsa msana kwa mkamwini wawo, nsalu ili kumutu. Galu wa Kamphinda uja a Chisale analamula kuti amangidwe pamtengo.

Anafunsa Kamphinda kuti dzina la galu wake likutanthauza chiyani. Kamphinda anati ndi dzina chabe, ndipo palibe munthu amene anaimbidwapo mlandu chifukwa choitana galu wake. A Chisale anavomera kuti zimenezo n'zoona. Anati sanabwere kudzaweruza galu. Kenako anakodola, ndipo panabwera mbale yovundikira. Munali mazira, ophikidwa ndi a Nachisale m'mawa womwewo.

"Mkamwini," anatero a Chisale, "mlongo wanga sakudyanso ndi anthu chifukwa cha inu. Idyani izi onse akuona. Mukadya, nkhani yatha, ndipo mafuwa tikupatsani lero lomwe, osadikira kukolola. Mukakana, khasu lanu ilo."

Khasulo analitsamiritsa pamkuyu.

Kamphinda anasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, ngati wachokera kokumba mbewa. Anatola dzira. Anayang'ana mkazi wake, mimba itakula, mwezi wake uli pafupi. Ankafuna kukhala, ankafunadi. Koma mtima uja unayambanso. Ngati pali tsiku limene apongozi akhala akudikira, si lero? Galu wamangidwa. Anthu onse ndi abale awo. Akagwa pano, adzati ndi m'mimba.

Dzira linali m'manja, dzanja osakwera. Maso ake anapita pamtengo pamene panali galu.

Nakwenda anadzuka movutikira, atagwira chiuno. Anayenda mpaka pamene panali mwamuna wake, n'kugwada. Anatenga dzira lija m'manja mwake. Amayi anayamba kung'ung'udza, wina nati mwana iwe, uli ndi pakati. Iye sanacheuke. Analuma, anatafuna, anameza, mpaka dzira lonse linatha.

"Ndayamba ine, bambo. Idyani."

Akanangotola dzira lina nthawi yomweyo, bwenzi nthano ino kulibe. Koma Kamphinda sanatole. Anamuyang'ana mkazi wake m'maso. Anamuyang'ana pakhosi. Anayang'ana manja ake ngati akunjenjemera. Anadikira.

Aliyense anaona chimene ankadikira.

Patapita nthawi, ataona kuti Nakwenda akadagwada bwinobwino, Kamphinda anapuma, n'kutambasula dzanja kuti atole dzira. Nakwenda anavundikira mbale.

"Mumadikira kuti muone ngati ndigwe," anatero. "Ine ndi mwana wanu yemwe."



Nakwenda anatembenukira kwa a Chisale. "Atsibweni, apatseni khasu lawo."

Apo m'pamene Kamphinda anadzidzimuka. Anagwada. Anati adya mbale yonse. Anati galu amusintha dzina lero lomwe. Anati akapepesa kwa apongozi ndi mbuzi, alima minda yawo yonse yekha. A Chisale anamumvera mpaka anamaliza, kenako anati mwini banja wanena, iwo alibe chowonjezera. Anatenga khasu n'kumupatsa.

Kamphinda akukulunga mphasa yake, a Nachisale anaitana mlongo wawo n'kumunong'oneza. Anati kwawo kwa mkamwini n'kutali, asapite chimanjamanja. Anakulunga mazira otsala aja m'masamba a nthochi, anawonjezera mbatata zootcha, n'kutumiza kuti akhale kamba wa paulendo. Kamphinda analandira osadzutsa mutu.

Anapita pamtengo n'kumasula galu wake. Anati tiye. Galu sanasunthe. Anamuitana ndi dzina, anamuimbira likhweru, galu ali chikhalire.

"Mbuyanga," anatero galuyo, "inu munkandipatsa kuti ndife ine. Amayi aja ankaphika kuti mukhute inu. Nditsala kwa wophika."

Anadzuka, n'kukagona pafupi ndi mapazi a a Nachisale.

Kamphinda ananyamuka yekha, khasu paphewa, mphasa kukhwapa. Panalibe womuperekeza. Anawoloka dambo, anayenda, anayenda, dzuwa n'kufika paliwombo. Njala inamugwira. Anakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa njira n'kumasula kamba uja. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Panalibe woti ayambe.

Anaganiza zotaya. Koma njala inali itakula, ndipo tsopano analibenso choti n'kudzisungira. Anadya dzira limodzi. Anadya lachiwiri. Anadya mbatata zonse, n'kukhala pomwepo kudikira kuti m'mimba muyambe kupota.

Simunapote. Anakhuta bwinobwino, mphamvu n'kubwerera m'miyendo. Zimenezo n'zimene zinamuliza. Analira ngati mwana, yekhayekha panjira, mpaka anthu odutsa ankamupatuka.

Mwana anabadwa anthu akusanja chimanga, wamwamuna. Kamphinda anamva kwa wogulitsa mchere amene anadutsa kwawo. Anatumiza nkhuku, inabwezedwa. Mwanayo anakula, anakwatira, anabereka ake, bambo wake osamunyamulapo ngakhale kamodzi.

A Nachisale anabwezeredwa mthiko wawo pamaliro otsatira, koma sankathiranso mchere ndi chimwemwe chakale. Galu wofiira uja anakalambira pakhomo pawo. Ana ake ankawafuna anthu ambiri, poti anali agalu anzeru, ndipo aliyense wotenga kamwana ankatenga ndi dzina lomwe. Ndi mmene Yambandiwe anafalikira dziko lonse lino. Lero ambiri amangotcha poti agogo awo ankatcha, osadziwa kuti mwini dzina anatsala wopanda mkazi, wopanda mwana, wopanda ndi galu yemwe.

Tsono iwe, kuchenjera si kulakwa, anthu oipa aliko. Koma ukayamba kukayikira munthu amene akukudyetsa, pita ukafunse, tuma nkhoswe ikakufunsire, usakaike pa galu. Ndipo munthu wokukonda akadziika pangozi chifukwa cha iwe, usamuyang'ane pakhosi. Tola mbale udye.

Nthano yanga ya Kamphinda ndi galu wake yathera pamenepa.